Nyimbo ya pa Manjawira

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinadziwa kuti munthu akhoza kudwala nsanje chifukwa cha mpando wong'ambika wa mu lole. Mpandowo unali wa pakati, pafupi ndi giya, pomwe kutentha kwa injini kumawotcha akakolo, ndipo thonje lake linali litatuluka mbali imodzi. Koma unali wanga. Tchuthi chilichonse ndinkakhala pamenepo bambo anga akamatsitsa mbatata ya kachewere kuchokera kwathu ku Biriwiri kupita nayo ku Blantyre.

Loleyo sinali yathu. Bambo ankangoyendetsa, ndipo katundu ankakhala wa mayi wina wa geni, aNabanda, amene malo awo anali a kuchitseko. ANabanda anali ndi thupi lawo ndithu, ndipo ankayamba kusinza tisanadutse n'komwe pa Boma la Ntcheu. Choncho kutsogolo kunkakwana anthu atatu okha: woyendetsa, mwini katundu, ndi mwana mmodzi wopanda mnofu wambiri. Ine ndinali mzime, azichimwene anga anali atachoka kale pakhomo, ndiye panalibe wolimbirana naye. Ndinkayesa kuti zidzakhala choncho mpaka kalekale.

Ntchito yanga pa ulendo inali nyimbo. Ndinkanyamula pamiyendo kabokosi ka nsapato kodzaza makaseti, ndipo palibe amene ankaloledwa kukagwira, ngakhale aNabanda amene. Makasetiwo tinkajambula tokha, ine ndi bambo. Lamulungu masana, tikaweruka ku tchalitchi, tinkabwereka wailesi ya aphunzitsi oyandikana nafe n'kuiyang'anitsa kukamwa ndi yathu pa tebulo, ina ikuimba, ina ikujambula. Nyumba yonse inkayenera kukhala chete. Koma pakhomo pa anthu sipakhala chete, ndiye m'makaseti athu munalowa zinthu zambiri zimene eni nyimbo sanaikemo. Mu nyimbo ina munali tambala wathu. Mu ina, gitala ili pakati pokoma, munkamveka amayi akukuwa panja kuti, "Enelesi, mbuzi zikudya ufa!" Mpaka lero ndikamva nyimbo imeneyo pa foni, yoyera bwino yopanda mbuzi, ndimaona ngati aidula penapake.

Pa makonda sitinkagwirizana zonse. Ine ndinkafera gulu lina la anyamata a m'tauni, oimba ndi kiyibodi yolira mokweza ndi mawu a m'mphuno, ndipo chithunzi chawo chodula mu nyuzipepala ndinachimata ndi phala pakhoma la kuchipinda. Bambo ankati anyamatawo amaimba ngati wina wawaponda chala. Iwo mtima wawo unali pa magulu akale a ku Joni, a magitala othamanga ndi besi yogunda pachifuwa. Tinagawana msewu. Potsika mapiri a kwathu m'mamawa, kukadali nkhungu ndi chisanu cholowa m'zala, tinkaika kwaya, kuti amayi akatifunsa ngati tinayamba ulendo ndi Mulungu tisaname. Kuchokera pa Boma inali nthawi ya anyamata anga. Tikaima pa Manjawira kuti bambo amwe tiyi ndi kugogoda matayala, kaseti yotsatira inkakhala yawo. Ndipo panali lamulo limodzi losaphwanyika: nyimbo ikadutsa yadutsa, kubweza kumadya tepi. Ndinapempha kambirimbiri kuti tibwereze ya anyamata anga imene ndinkaikonda kuposa zonse, koma bambo ankangopukusa mutu maso ali pamsewu.

Nyimbo yoyamba pa kaseti ya pa Manjawira ndiyo mwini nkhaniyi. Bambo anaijambula kuchokera pa kaseti yakale imene anawasiyira achimwene awo, bambo anga aakulu, mtchona wa ku Bulawayo amene ine sindinawaonepo. Inkaimbidwa m'chilankhulo cha kummwera kumeneko, chimene ife sitinkamva. Inali yothamanga, yovinitsa mapewa munthu ali chikhalire, ndipo pakati pake oimba onse ankabwereza mawu amene ine ndinkawamva bwinobwino kuti ndi Chichewa: "Ee, kaya! Ee, kaya!" Ndinkadabwa kuti anthu a kutali chonchi anakaphunzira kuti kayankhidwe ka mwana wamwano. Paja kwathu mwana akafunsidwa ndi wamkulu n'kungoyankha kuti kaya, mbama sikhala patali.

Tsiku lina, titangonyamuka pa Manjawira, ndinakuwa nawo mawuwo ndi mphamvu zanga zonse, mapewa nditakweza, manja nditatambasula ngati munthu amene sakudziwadi kanthu. Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira pamenepo inakhala sewero lathu. Pampata pomwe magitala ankalira okha, bambo ankaponyapo funso, ine n'kuyankha pamodzi ndi oimbawo.

"Nangozo," ankandiitana ndi chiwongo chathu akakondwa, "kodi mvula igwa lero?"

"Ee, kaya!"

"ANabanda adzuka tisanafike pa Lunzu?"

"Ee, kaya!"

"Nanga mayeso ukhoza?"

"Ee, kaya!"

ANabanda ankatsegula diso limodzi n'kunena kuti, "Mwanayu mukumuwononga, aNgozo," kenako n'kubwerera ku tulo tawo. Anali malo okhawo pa dziko pomwe ndinkaloledwa kuyankha bambo anga mwamwano iwo n'kumaseka. Kunyumba anali munthu wa mawu ochepa, wofika atatopa, wosamba, kudya ndi kugona. Bambo oseka aja ankapezeka pa msewu wa pakati pa Manjawira ndi Zalewa, ndipo ine ndekha ndiye ndinkawadziwa.

Chaka chimenecho, mvula itangosiya, kunabwera uthenga woti bambo aakulu amwalira ku Bulawayo. Anawaika komweko. Akazi awo anali atatsogola kale, nyumba imene ankakhala inali ya kuntchito, ndipo anasiya mwana mmodzi wamkazi. Patapita miyezi, munthu wina wa kwathu amene ankabwerera kumudzi anatsika naye basi pa Boma, bambo n'kukamutenga. Dzina lake anali Nomsa, wamkulu pang'ono kwa ine, wamtali, wa maso akuluakulu osaphethira kawirikawiri.

Masiku oyamba ndinamukonda ndithu. Ndinamusonyeza kuchitsime, ndinamupatsa mbali ya kukhoma ya mphasa yanga, ndinkayenda naye monyadira kuti anzanga aone kuti kwathu kwabwera wa kunja. Kenako maso anga anayamba kuona zinthu. Anali ndi nsapato zakuda za lamba, ine ndili ndi patapata womangidwa ndi waya. Dzira likakhala limodzi, linkadziwa lokha mbale yolowa. Madala a m'mudzi amene anagwirako ntchito ku migodi ankabwera pakhonde pathu masana kudzayesa chilapalapa chawo cha dzimbiri, chilankhulo cha kumigodiko, ena n'kuwonjezerapo timawu ta Chingoni tomwe amaimba pa ngoma osatimvetsa bwino. Nomsa akawayankha, madalawo ankawomba m'manja ngati awina mpikisano. Ine ndinabadwira pakhonde lomwelo, koma palibe dala ndi mmodzi yemwe amene anabwerapo kudzacheza nane.

Chichewa chake ankachitola kwa ife ana, ndiye aliyense kwa iye anali iwe. M'mawa wina anaima pakhomo bambo akumanga nsapato, n'kunena kuti, "Baba, iwe ukupita kuti?" Ndinasiya tsache, kudikira kuti mphezi igwe. Bambo anangomwetulira n'kumuyankha bwinobwino. Ine ndikanayesa zimenezo, bwenzi makutu akulira mpaka madzulo. Koma chimene chinandiwawa kwenikweni chinali dzina. Mwana wa achimwene awo a bambo chiwongo chake ndi chomwecho. Tsiku lina bambo anaitana ali kuseri kwa nyumba kuti, "Nangozo!" ndipo tinathamanga tonse awiri. Ankafuna iyeyo.

Tchuthi chitafika ndinachapa diresi yanga ya pa ulendo, ndinapukuta makaseti imodziimodzi, ndinazunguza ndi bolopeni matepi amene anali atakhwepa. Madzulo ake bambo anati, osandiyang'ana, "Mawa apite Nomsa, akaone dziko la bambo ake. Umupatse kabokosi kaja, umusonyeze mmene mumaikira." Ndinamusonyeza. Ndinamusonyeza mothamanga kwambiri, ndipo sindikukhulupirira kuti anatolapo kanthu. M'mawa ndinamva lole ikulira kumsewu, ikusintha magiya potsika, mpaka phokoso linazimiririka kuseri kwa phiri. Tsiku lonse ndinakhala ndi amayi pansi pa mtengo wa pichesi kusankha mbatata ya mbewu, ndipo mumtima ndinkayenda nawo ulendowo. Pano adutsa pa Boma. Pano aima pa Manjawira. Pano bambo akufunsa funso, ndipo akuyankha ndi wina.

Ulendo wachiwiri anapitanso iyeyo. Nditadandaula, amayi anati, "Mnzako ndi mlendo, Enelesi, ugwire mtima." Ine ndinati, "Mlendo amabwera n'kupita. Uyu apita liti?" Amayi sanandimenye. Anangondiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapitiriza kusankha mbatata, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Koma nsanje simva kuyang'anidwa. Inandikhala pakhosi ngati mbatata yotentha yomeza mosatafuna, ndipo usiku ndinkagona chakumphepete kwenikweni kwa mphasa kuti ngakhale chigongono chathu chisakhudzane.

Mwayi wanga unabwera pamene aNabanda anatsalira ku Blantyre kudikira katundu komweko. Malo a kuchitseko anali opanda munthu, ndiye bambo anati tipite tonse. Nomsa anakwera poyamba n'kukhala pakati, kabokosi pamiyendo, ngati wakhala akuchita zimenezo chibadwire. Ine ndinakhala pa dzenje limene thupi la aNabanda linasiya pa mpando. Ndinali ndi chida changa, ndipo ndinkachisunga. Mpando akhoza kutenga, dzira akhoza kudya, koma nyimbo ya pa Manjawira inali ya ine ndi bambo, ndipo lero aona ndi maso ake mmene bambo anga amasekera.

Kwaya inadutsa. Anyamata anga anaimba kuchokera pa Boma, ndipo Nomsa anawamvera ndi nkhope ya munthu amene akumwa mankhwala. Ndinazisunga mumtima zimenezonso. Pa Manjawira bambo anamwa tiyi wawo, anagogoda matayala, anatigulira zitumbuwa zotentha zokulunga pa pepala. Titakwera, Nomsa anatulutsa kaseti yoyenera osafunsa munthu. Magitala anayamba. Ndinakhala tsonga, ndinameza chitumbuwa msangamsanga, kudikira funso.

Funso silinabwere. Mpata uja unafika, bambo maso pamsewu, pakamwa potseka. Ndinaganiza kuti aiwala, ndiye ndinawakumbutsa ndekha. Ndinakweza mapewa, ndinatambasula manja, ndinakuwa kuposa masiku onse: "Ee, kaya! Ee, kaya!"

Nomsa anatembenuka n'kundiyang'ana. Kenako anaseka. Chibwerereni ndinali ndisanamumvepo akuseka choncho, kuseka kochokera m'mimba, mpaka kugwira kabokosi kuti kasagwe. "Ukuti chiyani iwe?" anatero akupukuta maso. "Si kaya. Ekhaya. Ekhaya ndi kumudzi. Kwathu. Munthu uyu akufuna kwawo."

Manja anga anali akadali m'mwamba. Ndinawatsitsa pang'onopang'ono. Nkhope inandiyaka, ndipo ndinayang'ana kwa bambo kuti anene kuti mwanayu akunama, nyimboyi ife timaidziwa. Bambo maso anali pamsewu. Nomsa anayamba kuimba, osati pobwereza pokha paja, koma nyimbo yonse, mawu onse amene kwa ine anali phokoso lokoma chabe. Ankatuluka m'kamwa mwake mosavuta, ndi timaphokoso ta lilime tija timene ine ndikayesa ndinkangolavula malovu. Ndipo mawu ake anali abwino, zimenezo ndiye zinandipweteka koposa. Ndinkafunitsitsa akanakhala ndi mawu oipa.

Bambo anachepetsa liwiro. "Apa akuti chiyani, mwanangu?" anafunsa. Nomsa anafotokoza m'Chichewa chake chodukaduka, akuthandizira ndi manja. Munthuyo ali kutali ku ntchito. Akuti mapiri a kwawo amawaona kutulo kokha. Akuti akadzabwerera, agalu a pakhomo pa amake adzamuuwa ngati wakuba. Bambo ankangogwedeza mutu. Nyimbo itatha, anatambasula dzanja n'kudina batani lobwezera. Ndinamva tepi ikulira pobwerera m'mbuyo, ndipo sindinakhulupirire makutu anga. Anabweza, inatha, anabwezanso. Tepi imene kwa ine inkadyeka, kwa Nomsa inali yachitsulo.

Ndinatembenukira kuwindo n'kumawerenga mbuzi za m'mbali mwa msewu. Fumbi, milu ya makala, ana ogulitsa bwemba, zonse ndinkaziona kudzera m'madzi amene ndinakana kuti agwe. Kumbuyo kwanga anthu awiri ankaimba nyimbo yanga m'chilankhulo chimene chinanditsekera kunja.

Tikuyandikira pa Zalewa, pomwe msewu wa ku Mwanza umapatukira kumanja, Nomsa anasiya kuimba. Anagwada pa mpando, khosi n'kulitalikitsa kudutsa pa mapewa a bambo. Basi imene inamubweretsa inatulukira msewu umenewo, ndipo anali ataugwira pamtima. "Baba," anatero motsitsa, "khota uko." Bambo anaika dzanja lamanzere pamutu pake, lamanja likuwongola lole kulunjika pa mlatho. Nomsa anayang'anabe mphambanoyo mpaka inabisika, kenako anakhala pansi n'kukumbatira kabokosi. Munthu wa mtima wabwino akanamumvera chisoni pamenepo. Ine ndinkangoyang'ana dzanja lija, kuti likhala pamutupo mpaka liti.

Ku Blantyre, aganyu akutsitsa matumba ndipo aNabanda akukalipira aliyense, Nomsa anagona mu lole. Ine ndinakakhala kumbuyo pa mwala, pafupi ndi tayala, nkhope ndwii. Bambo anabwera ndi chipisi cha m'kajumbo, ndinakana. Anakhala chonjuta pambali panga, akununkha dizilo ndi thukuta, n'kuika kajumboko pakati pathu.

"Ababa, munkadziwa?" ndinafunsa.

"Liwu limenelo lokha ndinkalidziwa. Enawo ayi."

"Nanga bwanji munkandisiya ndizikuwa ngati chitsiru?"

Anatola kamtengo n'kumakanda nako pansi. "Achimwene atabwera ulendo wawo womaliza, iwe usanabadwe, ankaiimba nyimbo imeneyi pakhonde paja. Ankati chaka chamawa ndikubwera kudzakhala, mundisungire malo a nyumba. Chaka chamawa chinakhala chaka chamawa. Ine nyimboyi ndinkaikonda, koma ikafika pamenepo ndinkathimitsa. Iwe utayamba zako zija m'pamene ndinayamba kuimvera mpaka kumapeto. Ndikanakukonza bwanji?"

Anali mawu ambiri kuposa amene bambo ankalankhula mwezi wathunthu, koma ine sindinabwere kudzamva za achimwene awo. "Ndiye mwamupatsa mpando wanga," ndinatero, "nyimbo yanga, ndi dzina langa lomwe."

"Tamvera, Enelesi. Madzulo ano ukatsika loleyi ulowa m'nyumba mwa amako. Iyenso akatsika alowa m'nyumba mwa amako." Anadikira kuti ndimve, koma ine ndinali nditayang'ana kumbali. "Usamusirire chifukwa choti nyimboyo akuimva. Iwe uzipempha Mulungu kuti usadzaimve mmene akuimvera iyeyo."

Ndikanakonda kulemba kuti ndinadzuka pamwalapo mtima utayera, n'kukamukumbatira m'bale wanga. Ayi ndithu. Ndinaona kuti bambo akungokometsa kulanda. Chipisi chokha ndinadya, chifukwa njala ilibe mbali pa milandu ya anthu. Pobwerera aNabanda anatsaliranso, ine ndinakhalanso kuchitseko, ndipo mumtima ndinalumbira kuti tsiku lina chilankhulo chimenecho ndidzachidziwa kuposa iye, ndidzaimba nyimbo yonseyo, bambo n'kumafunsa ine.

Kuyambira tchuthi chimenecho tinkasinthana maulendo, wina lero, wina ulendo wotsatira. Chinali chilungamo, ndipo ndinkadana nacho. Sewero lathu silinabwererenso. Bambo anayesapo kamodzi, titangonyamuka pa Manjawira tili ndi aNabanda, kufunsa ngati mvula igwe. Ndinatsegula pakamwa, koma ndinali nditadziwa kale kuti munthu akuimbayo akulira, ndipo sungamuseke munthu wolira ngakhale akulira movinitsa mapewa. Ndinangoti mwina igwa. Zaka zinapita, makaseti anatha ntchito, lole ija inagulitsidwa, ndipo ine ndi Nomsa tinakula monga amakulira ana a nyumba imodzi, kukangana za sopo ndi kubisirana zinsinsi za anyamata.

Lumbiro langa linakwaniritsidwa, koma osati mmene ndinkaganizira. Nditamaliza sukulu ntchito inasowa, ndipo monga achitira ambiri a kwathu, ndinakwera basi ya ku Joni. Ndinati ndikakhala zaka ziwiri. Ndikulemba zino ndili komweko, mwana wanga woyamba ali kusekondale. Chilankhulo chija ndinachiphunzira m'mateksi, m'saluni momwe ndimaluka tsitsi, ndi pakamwa pa eni nyumba akamandikumbutsa kuti ndine wobwera. Palibe tsiku limene ndinakhala pansi kuti ndichiphunzire. Chinangolowa, monga umalowera utsi m'zovala.

Nomsa sanapite kulikonse. Anakwatiwa ku Biriwiri komweko, kutsidya kwa dambo, ndipo ali ndi kapikapu kake konyamulira mbatata ndi kabichi. Amayi atamwalira, ndiye amaphikira bambo, ndiye amawatengera ku chipatala pa Boma maso awo akavuta. Chichewa chake pano ndi cha ku Ntcheu chenicheni, cholemera ndi ulemu kuposa changa, ndipo akamandiimbira foni amandiseka kuti ndayamba kulankhula mopotoka lilime.

Ulendo wapitawu nditapita kukaona bambo, tsiku lobwerera Nomsa anati andiperekeze pa Boma ndi kapikapu kake. Bambo anakakamira kuti nawonso apite. Tikutsika phiri, ndinakumbuka kuti nyimbo ija ndinaipeza pa foni, ndiye ndinaiika pa wailesi ya kapikapuko kuti ndiwadabwitse. Magitala atangoyamba, Nomsa anakuwa, "Iii, yakale iyi!" Anayamba kugogoda chiwongolero ndi zala, mapewa akuvina, akung'ung'udza mosangalala. Pobwereza paja anaimba nawo bwinobwino. Koma vesi itayamba anakakamira, anayesa, anaseka. "Kodi paja apa amati chiyani, Enelesi? Zinandithawa kalekale zimenezi. Tatimasulira, iwe wa ku Joni."

Linali tsiku limene ndinkaliyembekezera kuyambira ndili pa mwala uja. Mawu onse ndinkawamva, ngakhale ang'onoang'ono amene Nomsa wa zaka khumi ndi ziwiri sanathe kuwafotokoza. Ndinayamba kumasulira molimba mtima. Mzere woyamba unatuluka. Wachiwiri unatuluka movutikira. Kunja kwa windo minda ya mbatata inali itachita maluwa, amayi ena ankakwera ndi madengu kupita kumsika, utsi unkatuluka m'makhitchini a anthu amene madzulo ake adzagona m'nyumba zomwezo, ndipo chikwama changa chinali kumbuyo chomangidwa kale. Pa mzere wachitatu mawu anakana.

Bambo, amene maso awo saonanso bwino, anatembenuzira nkhope kwa ine. Kenako anati, "Tatsitsa pang'ono wailesiyo, Nomsa. Mnzakoyu wayamba kuimva."

Pa Boma anandithandiza kukweza chikwama, tinatsanzikana, ndipo ndili pa windo la basi ndinaona kapikapu kakutembenuka kulowera kumtunda, Nomsa akulankhula chinachake, bambo akuseka.

Pano ndikudziwa kuti mu lole ija munthu wolemera ndinali ine. Ndinali mwana amene akanatha kumva nyimbo ya munthu wolirira kwawo n'kuiyesa nthabwala, chifukwa kwathu ndinkagonako tsiku lililonse ndipo sindinkadziwa kuti ndi chinthu choti munthu n'kuchisowa. Ndinasirira chimene Nomsa anali nacho osafunsa kuti anachipeza bwanji, ndipo moyo unandipatsa chomwecho, njira yake yomweyo. Nsanje yanga pa iye sinathe ayi, ndisanamize anthu. Inangopeza chifukwa chenicheni. Nomsa anaiwala mawu a nyimbo ija chifukwa iye anafika kwawo.